Khutu la Makaniko

Akuwailesi, werengani nkhaniyi, koma dzina langa musatchule.

Ndinagwira umakaniko zaka makumi atatu ku Kanengo ndisanatsatire mwana wanga wamkazi, namwino, ku Coventry, ku Mangalande. Sukulu ndinalekera sitandade 6, koma injini ndinkaidziwa ndi khutu. Ndinkagunditsa sikuludiraiva pachitsulo, chigwiriro pakhutu, n'kunena chavuta.

Pagalaja ina ku Foleshill, dera la mumzinda womwewo, ankakonza galimoto za mpikisano, zija zothamanga mozungulira bwalo zikugundana. Ndinalowa ngati wothandiza, ndinadzakhala mkulu wa amakaniko, kenako ndinagula galimoto yangayanga ya mpikisano. Woyendetsa anali mkamwini wanga.

Chimene sindinauze munthu n'chakuti phokoso la mainjini linali litandigonthetsa. Mwana wanga ankati, "Adadi, tiyeni akakuyezeni makutu." Ndinkamukalipira.

Loweruka lina, mpikisano usanayambe, mkamwini anati, "Bambo, wilo yakutsogolo ikulira. Tiimasule?" Amakaniko onse anandiyang'ana. Ndinaika sikuludiraiva pakhutu, iwo akuzungulitsa wiloyo. M'khutu mwanga munali zii.

"Ili bwino," ndinatero. "Makaniko ndani pano?"

"Ndinu, bambo."

Atazungulira bwalo kasanu, wiloyo inathothoka, galimoto n'kukawomba mpanda wachitsulo. Mkamwini anathyoka msana. Lero mwana wanga amasamalira odwala kuchipatala, akaweruka n'kudzasambitsa mwamuna wake.

Mpikisano ndinausiya. Makutu anandiyeza, anandipatsa kachipangizo kovala m'khutu. Tsopano ndimamva zonse, ngakhale kulira kwa mawilo a njinga ya olumala imene mkamwini amayendera m'nyumba. Ndimaithira oyilo ndekha. Sanandidzudzulepo, amangoti, "Zikomo, bambo."

Amuna anzanga, ngati simukumva, nenani kuti simukumva.