A Taonetsani Akutisiya ndi Timafoni Takale

Bwana wamkulu, akuluakulu a nthambi zonse, mayi a kunyumba pamodzi ndi ana, anzanga apantchito, ndakulonjerani nonse. Mukamva mawu anga akunjenjemera, musanamizire chimkuzamawu. Ndine ndemwe.

Achibale, mwina simudziwa kuti bambo anuwa, amene tikutsanzikana nawo lero pamene akupuma pantchito, kuno timawatchula kuti a Taonetsani. Munthu akalowa muofesi mwawo, moni amabwera pambuyo. Choyamba n'chakuti, "Taonetsani foni yanu." Mlonda anaonetsa. Dalaivala anaonetsa. Bwana wamkulu omwewa, tsiku lawo loyamba, anaonetsa asanapatsidwe ndi mpando womwe. Mayi, mukusekatu! Ndinamva kuti ngakhale mkamwini wanu anafunsidwa za foni asanafunsidwe dzina.

Musawaone ngati amisala. Ntchito yathu kuno ndi kutumiza mavidiyo ophunzitsa azamba a m'zipatala zakutali. Vuto ndi lakuti mafoni awo ndi osiyana. Wina ali ndi chifoni chachikulu ngati mbale, wina kamabatani komanga ndi mphira. Ndiye bambowa amalemba mbiri ya foni ya mtundu uliwonse: sikirini yake ndi yaikulu bwanji, imanyamula zambiri motani, imatha kuonetsa vidiyo kapena ayi. Makina athu akawerenga mbiriyo amadziwa chotumiza. Wa foni yamphamvu amalandira vidiyo yonse. Wa kafoni kofooka amalandira zithunzi ndi mawu. Koma phunziro limafika ndithu.

Komatu sanabadwe akudziwa. Atangoyamba ntchito anakopera mbiri ya foni ina pakatoni yake, n'kusinthanitsa mulitali ndi mulifupi. Abale inu! Adokotala a muvidiyo anatuluka atagona chammbali. Azamba anaonera phunziro lonse atapendeketsa mitu. Mmodzi anaimba kuno n'kufunsa kuti, "Kodi adokotala anuwa akudwala? Bwanji akuphunzitsa ali chigonere?"

Kuyambira pamenepo katoni saikhulupirira. Foni aigwire m'manja, atsike nayo kunsi kwa masitepe, paja timasunga matsache, pomwe netiweki imachita kupemphedwa. Ikaonetsa phunziro pamenepo, ndiye kuti mbiri yatheka. Amayi oyeretsa anafika pozolowera kumasesa mowazungulira.

Bambo, zikomo. Zaka zonsezi simunatopepo ndi mafunso athu, ngakhale opusa. Ine ndinabwera ndikudziwa makina okha. Ndinu munandiuza kuti, "Mwanawe, ukalakwitsa mbiri, kuli mzamba wina amene aone mdima pasikirini." Mawu amenewo sanandichoke.

Tsopano mundikhululukire, ndinene chimene chandisowetsa mtendere. Mpando wa bambowa apatsa ine. Ndipo Lachiwiri likubwerali kuli msonkhano wa akuluakulu, woti agamule zochotsa mbiri za mafoni onse akale. Akuti zimachedwetsa ntchito. Akuti masiku ano aliyense ali ndi foni yatsopano.

Nkhaniyi si yachilendo, imadzuka chaka ndi chaka. Ikadzuka, bambowa ankangokoka dirowa yawo, n'kuyala timafoni takale patebulo. "Kofanana ndi aka kali ndi mzamba wa kuseri kwa phiri. Konga aka kali ndi uja amagwira yekha chipatala chonse. Tiyambe kuchotsa uti?" Nkhani inkathera pomwepo. Lachiwiri bambowa adzakhala ali pakhonde kwawo. M'chipinda muja mudzakhala ine, amene ndimachita chibwibwi ndikangoona tayi ya bwana. Makolo athu ananena zoona, chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Mwezi wamawa tikutumiza phunziro la mmene mzamba angathandizire mwana wobadwa osapuma. Mbiri zija zikachotsedwa, pa kafoni kamabatani sipadzafika kanthu. Mzambayo sadzaimba kudandaula ayi. Sadzadziwa n'komwe kuti panali phunziro. Ndicho chikundiopsa, anzanga.

Dzulo ndinawatsatira bambowa akulongedza katundu wawo. Ndinati, "Bambo, kumsonkhano kuja ndikanene chiyani?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kumeneko amatseka chitseko, sukatha kulankhula. Ukanene pamene pali anthu."

Ndiye bwana wamkulu, pepani, anthu ake ndi awa. Ndikukupemphani pamaso pa mayiwa, pamaso pa ana awo ndi anzanga onse: mbiri za mafoni akale zisachotsedwe mpaka mzamba womaliza atapeza foni ina. Ntchito ikachedwa, ndidzaisenza ine. Ndikudziwa kuti nkhani zotere sizikambidwa paphwando, ndipo mwina Lolemba mundiitanitsa. Ndidzabwera. Koma ndanena.

Bambo, inu mbali yanu mwaigwira, kapumuleni. Mukadzuke dzuwa litakwera, mukacheze ndi adzukulu, Mulungu akupatseni moyo wautali ndi thanzi. Mayi, tikukubwezerani amuna anu ali amphumphu, muwasamale.

Tsopano tonse tiimirire, tiwaombere m'manja bambo athuwa. Mwamphamvu, anzanga! Ndipo chonde musaleke msanga, chifukwa mukangoleka, bwana wamkulu ayamba kuyankha.