Ursula Mikaele ndi tizilombo tozindikira pulasitiki

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1991 konkuno kwa Nchema, dzina lawo Ursula Mikaele. Ine ndine Nabanda, mayi wawo. Mbiriyi amayenera kuwerenga malume awo a Rafaeli, koma ndawalanda, chifukwa muli mawu amene iwo akanawalumpha. Sinditalikitsa.

Sukulu anayamba mu 1997 ku mishoni. Sekondale anamaliza mu 2009, kenako anapita ku yunivesite ku Blantyre kukaphunzira za madzi. Mayina a mapepala awo musandifunse, ine ndinalekezera sitandade 3. Mu 2016 anakwatiwa ndi a Stanford a ku Magomero, ukwati wa kutchalitchi.

Mu 2019 anayamba ntchito imene akhala akuigwira mpaka sabata ino. Ankati majumbo ndi mabotolo timatayawa sawola, amangofumbutuka n'kukhala fumbi losaoneka ndi maso, fumbilo n'kulowa m'madzi akumwa. Iwo ndi anzawo a kuntchito, a Sakina Rajabu, ankaweta tizilombo m'timabotolo. Cholinga chinali chakuti ukatidontheza pa kapepala n'kuthirapo madzi, kapepalako kazifiira ngati madziwo ali ndi fumbi la pulasitiki. Zaka zisanu ndi chimodzi zikukanika. Mtundu umene unagwira ntchito anaupeza mwezi wathawu.

Ine ndagulitsa tomato m'majumbo pa Namitambo zaka makumi atatu, ndiye tinkakangana kwambiri. Ndinkawafunsa ngati kasitomala azinyamulira tomato m'chipewa.

Lolemba pa 11 Ogasiti 2025 anabwera kumudzi atanyamula kulabokosi, lija losungiramo zozizira, mkati muli timabotolo tawo. Lachiwiri anayesa madzi a pachitsime chathu. Ndinakaima pomwepo kuti ndiwaseke. Madzi oyera mbee, omwewo mwasambira m'manja lero. Kapepala kanafiira ine ndikuona. Sindinaseke.

Lachitatu m'mawa anadandaula mutu. Anagwa pakhonde akumanga nsapato. Tinathamangira nawo kuchipatala, Lachinayi pa 14 Ogasiti anatisiya, ali ndi zaka 33. Madokotala ati mtsempha wa m'mutu unaphulika. Munthu amene Lachiwiri timakalipirana pachitsime, lero Loweruka tikukamuika. Mutu wanga sukuvomerezabe.

Tsopano mawu aja. Ndamva manong'onong'o kukhitchini akuti malemu aphedwa ndi tizilombo tawo, ena akuti kulabokosi likaponyedwe m'chimbudzi. Amene mukunena zimenezo ndakudziwani, lekani. Ine ndakhala ndikulitsegula masiku atatu kusintha madzi oundana, si ine ndaima panoyu?

A Sakina andiuza kuti tizilomboti tifa tonse tikapanda kufika kuntchito kwawo mawa, ndipo mbewu yake kulibenso kwina. Malemu anali asanaigawe. Akuluakulu a banja anati katundu wa malemu satuluka m'nyumba tisanamete, ndiye kulabokosi lidikire sabata ya mawa. Mwambo ndimaudziwa, zovala ndi ziwiya sindinakhudze. Koma izi ndi zamoyo, ngakhale mbuzi ya malemu sitiimana msipu. Akuluakuluwo anatsika nati Lolemba. Ine ndinati lero. Anati madzulo, tikabwera kumanda. Ndinati ayi, madzi oundana asungunuka. Tamvana kuti thupi likamatuluka, nalonso lituluke. A Rafaeli, munavomera pamaso pa anthu, musatembenuke.

Malemu asiya amuna awo a Stanford, ana awiri, Fortune ndi Chipiliro, ndi ine mayi wawo, amene ndimayembekezera kuti adzandiika ndi iwo.

Tikuthokoza abambo mfumu ndi akwaya, adzukulu amene akumba manda, amayi amene agona pano, a kuchipatala amene anayesetsa, ndi anzanga a pamsika amene atseka mabenchi awo lero. Tikuthokozanso a m'nyumba ya a Rajabu, amene si a mpingo wathu koma sanachoke pano chiyambire Lachinayi.

A Sakina, imirirani anthu akuoneni. Lowani kuchipinda, kulabokosi lili kuseri kwa chitseko. Kumanda musapite, takukhululukirani, kakwereni galimoto. Mukamaliza ntchitoyo mudzayambire chitsime chathu.

A Ursula, mwana wanga, ziweto zanu zikuchoka pano zamoyo. Mzimu wanu uuse mumtendere.