Masamba Anathothoka, Pulofesa

Pulofesa Halvorsen anatchuka payunivesite ina yakale chifukwa chophunzitsa buku limodzi lachingelezi, lothera pakati pa chiganizo, mtsikana wa m'nkhaniyo, Edith, ataima pamlatho. Tsiku lina masana Renata Ochoa, wophunzira amene digiri yake inali m'manja mwawo, analowa mu ofesi yawo atanyamula mabuku awiri.

"Pulofesa, nkhani ija sithera pamlatho."

"Imathera pamlatho," anatero osadzutsa mutu. "Mlembi anasiya chiganizo m'malere mwadala. Moyo wa munthu umaduka chomwecho."

"Masamba anathothoka."

"Eya! Wayamba kumva. Masamba a moyo wathu amathothoka."

"Ayi, a pepala." Renata anatsegula buku la kulaibulale, lomwe pulofesayo ankaphunzitsira. "Onani, ulusi uwu ukulendewera."

Pulofesa anausuzumira. "Ulusi umenewo ndi chizindikiro."

"Cha chiyani?"

"Cha kuduka."

"Inde. Kwa ulusi."

Pulofesa anavula magalasi. Renata anaika buku lachiwiri patebulo.

"Ili ndalipeza kwa azakhali anga. Ndi lathunthu. Edith amatsika pamlatho paja."

"Satsika."

"Amatsika. Kunayamba mvula."

"Renata, anthu akhala akulira pamlatho umenewo iwe usanabadwe. Ena mwa iwo ndi mapulofesa lero."

"Pepani. Akatsika amapita kukadya."

"Kukadya!"

"Mbatatesi."

"Aa, mbatatesi imamera pansi pa nthaka. Manda amenewo."

"Zalembedwa kuti anali ndi njala. Anapempha ina."

Pulofesa anaimirira, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

"Ukumudziwa amene adzaweruze pepala lako la digiri?"

"Inuyo."

"Ndiye ukuti bwanji?"

"Ndikuti inuyo."

"Ndikufunsa za mlatho!"

"Ndi wamiyala."

Renata anayang'ana mabuku awiri aja patebulo. Anaganiza za amayi ake, amene anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana akumaliza chaka chino. Koma masambawo analipo, ndipo iye anali atawawerenga.

"Sizithera pa mbatatesi," anapitiriza motsitsa mawu. "Mukumukumbuka msilikali uja anasowa koyambirira? Akugogoda pakhomo. Edith akutsegula, ndiye msilikaliyo akumuuza kuti..."

"Iii! Khala chete, iwe!"

Pulofesa anatseka khutu ndi dzanja limodzi, linalo n'kukokera buku la azakhali pachifuwa.

"Mwana wopanda khalidwe! Ungamuuze bwanji munthu mathero a buku asanaliwerenge?"