Masuti a malemu a Mbewe anandisungira ntchito

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Lazaro Daka wa ku Matero, mu Lusaka. Ndikufuna ndikuuzeni momwe ntchito imene ndinaipempherera zaka zambiri inatsala pang'ono kundipulumuka chifukwa cha zovala, ndi momwe Mulungu anandivekera.

Ndinaphunzira za maakaunti, ndipo ndinkagwira mu ofesi ya malipiro pakampani ina ya boma. Itafika nyengo ija yogulitsa makampani, tonse anatiuza kuti tikapume kunyumba. Zaka zotsatira ndinagulitsa chilichonse chimene munthu akanagula: wailesi, mipando, njinga, pomaliza masuti anga awiri. Sindinadandaule, chifukwa ana sadya suti. Mkazi wanga, amake Dalitso, ankakazinga zitumbuwa pamsika, ndipo ndi zimenezo tinapulumukira.

Kenako banki ina yaing'ono m'tauni inanditenga kuti ndizikhala pakauntala, koma moyesedwa kaye miyezi itatu. Tsiku lofunsidwa mafunso ndinavala jekete ya mlamu wanga, ndipo manja ndinawabisa kunsi kwa tebulo mpaka kumaliza. Vuto langa ndi lakuti ndine wamtali mopitirira, ndipo mikono yanga ndi yaitali kwambiri. Anzanga a kuntchito ankapita kumsika wa Soweto kukasankha salaula, zovala zakale zija zochokera kunja, nabwera atatchena ngati nduna. Ine ndinkafika belo la zovala likungotsegulidwa, n'kuvundukula mulu wonse mpaka wogulitsa kundiyang'ana ndi diso loipa, koma jekete iliyonse inkathera pakati pa chigongono ndi dzanja. Mathalauza ankaonetsa masokosi onse. Telala wa pamsika wa Matero anayesa kumasula mipendero, koma munalibe nsalu yoti n'kuwonjezera. Zosoketsa suti yatsopano sindinkaziganizira n'komwe, chifukwa mitengo inkakwera sabata ndi sabata ndipo malipiro ankathera pa ufa ndi lendi.

Pakauntala manja sabisika. Tsiku lonse umapereka ndi kulandira, ndipo makasitomala ankayang'ana mikono yanga asanandiyang'ane kumaso. Mwezi wachitatu utayamba, manijala wathu, a Chanda, anandiitana mu ofesi natseka chitseko.

"Ba Daka, nchito muiziba, sinikana," anatero. "Koma kasitomala akaona jekete yobweleka, aganiza ati na ndalama zake muzabweleka. Bakulu ba ku hedi ofesi babwela kumapeto kwa mwezi. Mukaoneka so, sinizakwanisa kukusainilani."

Ndinapsa mtima ulendo wonse m'minibasi. Ndinkati munthu ameneyu sadziwa njala, koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti sananame. Ndinadziona ndikubwerera kukakhala pakhonde, ana akundiyang'ana, amayi awo akupsa manja ndi mafuta. Ndinkachitanso manyazi kupempherera zovala, ngati mnyamata wofuna kukopa atsikana. Koma zitandithina ndinagwada, ndipo pemphero langa silinali lokongola. Ndinangoti, Ambuye, wamtali chonchi munandipanga ndinu, ndivekeni.

Lamulungu lotsatira tikuimba m'tchalitchi ndinakweza manja, jekete ija n'kutsetsereka mpaka m'zigongono. Kumbuyo kwanga kumakhala mayi wina wamasiye, a Mbewe, amene tinkangopatsana moni basi. Mapemphero atatha anandiima kutsogolo pakhomo.

"Ba Daka, tambasulani kwanja," anatero. Ndinatambasula, iwo n'kuyeza ndi zikhatho kuchokera paphewa mpaka padzanja. "Mubwele kunyumba mailo, na bamake Dalitso."

Mawa lake tinapita, ndipo m'nyumba mwawo munalibe ngakhale mpando wachiwiri. Anatikumbutsa kuti amuna awo ankagwira ntchito pakampani ya inshuwalansi, ndipo anali amtali ngati ine. Atamwalira, achibale a mwamuna anabwera kuchokera kumudzi natenga bedi, chitofu, makabati, zonse. Pogawana zovala za malemu monga mwa mwambo, masuti sanakwane aliyense. Mlamu wawo wina anati akawadulitsa kwa telala, ndiye mayiwo anawaika m'thumba la ufa nakawasungitsa kwa aneba mpaka achibalewo atapita. Anatulutsa masuti atatu, yakuda, yabuluu woderako ndi yotuwa, pamodzi ndi matayi angapo. Nditavala yakuda ija, mikono inafika pomwe iyenera kufika.

Tili panjira, amake Dalitso anakana kunyamula thumbalo. "Vovala va munthu wakufa, wamene si m'bululu wanu, muvingenese mu nyumba muli bana?" anandifunsa. Anthu kwathu amaopa kuti mzimu wa malemu umatsatira zovala zake ngati zapita kwa munthu wosakhala wa m'banja. Ndinamuyankha mokalipa kuti Lusaka yonse imavala salaula, ndipo palibe amafunsa ngati mzungu mwini malayawo ali moyo. Iye anati mzunguyo sitimudziwa, koma malemu a Mbewe tinawaika m'manda tokha. Masiku awiri thumbalo linakhala panja m'kakhitchini. Potsiriza tinaitana mkulu wa mpingo, napempherera zovalazo ndi nyumba yathu. Mkazi wanga anaziyanika yekha padzuwa kuti fungo la mankhwala a njenjete lichoke, koma anandichenjeza kuti ndikayamba kulota a Mbewe ndizikagona pabalaza.

Zotsala zinali zosavuta. Telala anangochepetsa m'chiuno, poti njala inali itandisema. Malaya oyera ndinagula ku salaula, ndipo ngakhale mikono yake inali yaifupi, mkati mwa jekete sinkaoneka. Nsapato zanga zakale wosoka nsapato anandiikira zidendene zatsopano, ndipo ndinkazinyamula m'pepala, n'kuvala ndikafika m'tauni chifukwa cha fumbi. Suti imodzi sindinkaivala masiku awiri otsatizana, ndinkaipukuta ndi bulashi n'kuipachika kutali ndi utsi wa mbaula. Posita ndi simbi ya makala ndinkayala kansalu konyowa pamwamba kuti isawale. Poti ndinkasinthasintha matayi, anthu ankaganiza kuti ndili ndi kabati yodzaza.

Akuluakulu aja anabwera, anayendera kauntala iliyonse, ndipo pa ine sanaime n'komwe. Madzulo ake a Chanda anandipatsa dzanja nandiuza kuti ntchito ndi yanga.

Loweruka ndinavala suti yotuwa ija kupita kukathokoza mayi Mbewe. Ndinkaganiza kuti akondwa kundiona. Atatsegula chitseko anandiyang'ana pachifuwa, osati kumaso, kenako anakhala pansi pomwepo pakhomo nagwira pakamwa. Anandiuza kuti suti imeneyo ndi yomwe amuna awo ankaikonda kuvala Lamulungu.

"Muzivala ku nchito masiku onse, ing'ambikile pali imwe," anatero. "Koma nikupempani, ku chechi osabwela nayo. Siningakwanise kupempela."

Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa kuti mayiwa sanandipatse zotsala m'nyumba. Anandipatsa chinthu chokhacho cha amuna awo chimene anatha kupulumutsa. Ndinalira, ine bambo wa ana anayi, nditaima pakhomo pa eni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamanyazi lija, ndikuthokoza mayi Mbewe, ndiponso amake Dalitso amene anagonjetsa mantha awo chifukwa cha banja. Inu amene mwapeza ntchito koma mulibe chovala, kapena mukuisakabe, musaleke kupemphera ndipo musachite manyazi kutchula chosowa chanu ndi dzina lake. Ndipo thandizo likafika, muzikumbukira kuti wina lamupweteka polipereka. Ine masuti aja ndinawavala kubanki mpaka anatha, ndipo m'tchalitchi sanalowemo ngakhale tsiku limodzi. Ambuye akudalitseni nonse.