Danga lomaliza pa tebulo la a ku migodi

Pa siteji ya Kandeu, bambo wina wachikulire anapatsira foni yake mtsikana wonyamula laputopu amene ankadikira naye minibasi.

"Mayi, inu mukuoneka kuti mumazidziwa izi. Mdzukulu wa mnzanga anaika pa intaneti tebulo la mayina a ife tonse akuno amene tinagwira mgodi umodzi ku Joni. Dzina likuoneka, mudzi ukuoneka, koma danga lomaliza laduka. Ndiyesa ndi la manambala a foni."

"Eya, wopangayo sanalembe kuti danga lililonse likule bwanji. Ndiye burauza iliyonse imagawa mmene yafunira. Yanuyi yapatsa mayina malo ambiri, lomalizalo yalikankhira kunja."

"Burauza ndiye chiyaninso?"

"Kapulogalamu kotsegulira masamba a pa intaneti. Yanga ndi ina, tiyesere pamenepo. Mukufuna ndani?"

"Chrispin Ndau wa ku Champiti. Tinagona chipinda chimodzi zaka zisanu. Chimwalirireni mayi akunyumba ndilibe wocheza naye zakale. Ana amati ndimabwereza nkhani."

"Awa apa. Pa yangayi tebulo lonse lakwana."

"Ndiwerengereni pang'onopang'ono, ndilembe."

"Bambo, dangali si la foni ayi. Pamwamba alemba kuti chaka chomwalira. Pa a Ndau pali 2019."

"Ha! Taonani pa Sungani Nyoni. Ndine ameneyo."

"Pa inu sanalembepo kanthu."

"Ena osalembedwa kanthu alipo angati?"

"Ndatsika mpaka pansi, bambo. Ndinu nokha."

"Basi, mayi, patseni foni yangayo. Bola iyo imadula."