Envulopu ya a Zacharia Mphande

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1961 ku Bandawe, m'banja la asodzi. Pasukulu yapulayimale anakumana ndi aphunzitsi a Enos Kalonga, ochokera ku Ntcheu, amene anawaphunzitsa chesi. Bolodi inali katoni, tizidole tosema ku mitengo ya chinangwa. Bambo awo ankati mwanayu wapenga, anzake ali ku usipa iye ali duu kuyang'ana timitengo.

Mu 1986 anayamba uphunzitsi ku Chintheche, ndipo mu 1988 anakwatira mayi Bessie Longwe. Mu 1993 mpingo unawasankha kukhala mkulu wa mpingo. Kuyambira 1994 anayenda m'mipikisano, ku Mzuzu, ku Blantyre mpaka kunja. Zikho zinadzaza kabati moti mayi anasowa poika mbale.

Tsono pali chaka cha 1998, chimene pabanja pano tinkachitchula monong'ona. Ku mpikisano wa ku Joni malemu anangotsala ndi masewero amodzi. Kungofanana mphamvu ndi wopikisana nawo, akanalandira udindo wa girandimasita, waukulu koposa mu chesi. Mwatsoka masewerowo anasunthidwa kuchoka Loweruka kupita la Sabata, pa 15 Novembala. Malemu anaimba foni kunyumba, ndipo mayi anangowakumbutsa kuti mkulu wa mpingo sasewera pa Sabata. Malemu anavala jekete napita kukapemphera. Wotchi ya masewero inayenda yokha pampando wopanda munthu, ndipo anawalemba kuti agonja.

Abale, tisanamizane pamaso pa bokosi. Ife achibale tinawanena mayiwa. Tinati amudyera mwayi mbale wathu, ndipo ena tinasiya kuwapatsa moni. Mwayiwo sunabwerenso. Malemu sanayankhulepo kanthu za tsiku limenelo, choncho kwa zaka makumi awiri ndi zisanu mayi akhala osadziwa ngati amuna awo anawasungira chakukhosi.

Atapuma ntchito mu 2021 anapitiriza kuphunzitsa ana chesi pakhonde. Loweruka madzulo bolodi inkalowa m'kabati, kiyi n'kukhala ndi mayi.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala impso. Loweruka lapitali, pa 16 Malichi, ali chigonere anasewera ndi mwana wawo Lettie. Dzuwa litapendeka masewero asanathe, anachita mwambo wa akatswiri akale: analemba mayendedwe awo otsatira a pabolodi papepala, kumata mu envulopu, n'kupatsa mayi kuti adzatsegule Lolemba. Anatisiya la Sabata, belu la tchalitchi litangolira.

Dzulo Lolemba mayi anatsegula. Pamwamba pa pepalalo panali mayendedwe a kachidole ka kavalo, ndipo Lettie akuti akanamugonjetsa basi, odwala omwewo! Pansi pake analemba kuti: "Bessie, jekete lija ndinali nditavala kale usanayankhe foni. Tawonga."

Asiya mayi Bessie, ana atatu, Lettie, Joel ndi Wanangwa, ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene anawasamala, amayi a chigwirizano amene sanachoke pakhomo pano, adzukulu okumba manda, ndi ophunzira awo amene abwera kuchokera kutali. Koma koposa onse tikuthokoza inu mayi Bessie, ndipo pamaso pa anthu onsewa tikuti mutikhululukire. Tinakulakwirani.

A Mphande, masiku asanu ndi limodzi munagwira ntchito. Kapumeni mu mtendere, Sabata lanu lafika.