Belu la Lachinayi ku Area 25

Ine, Chawanangwa Nyirongo, wa zaka 61, wochokera m'mudzi wa Kamphambe ku Mzimba, wokhala ku Area 25, mphunzitsi wopuma komanso mlembi wa mpingo, ndikunena izi:

Amayi Maness Chipeta a mumpingo mwathu amwalira m'chipatala lero Lachisanu, 7 koloko m'mawa.

Belu lathu ndi limu la tayala la lole lopachikidwa pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Likalira pang'onopang'ono pakati pa sabata, aliyense amadziwa kuti mkhristu wathu wamwalira.

Sabata yatha Inkosi ya kwathu inamwalira. Ambiri mumpingo ndife a kumeneko ndipo sitikanatha kupita ku maliro. Loweruka akulu ampingo anagwirizana kuti Lachinayi 10 koloko, nthawi yoika maliro, belu lilire ka 84, zaka za Inkosiyo. Anandituma kulengeza Lamulungu. Mapemphero anatalika, ndinawerenga zolengeza zisanu, pepala lachisanu ndi chimodzi linatsalira m'Baibulo langa. Sindinalengeze.

Dzulo 10 koloko Abambo Gilford Banda, amene amatiimbira belu, anayamba kumenya limu ndi hamala. Ine ndinaima pambali ndikuwerenga.

Amayi Chipeta ankagulitsa tomato kutsidya kwa msewu wa M1, mamita pafupifupi 300 kuchokera pa tchalitchi. Amuna awo, Abambo Donald, akhala chigonere kunyumba miyezi itatu. Ngoziyo sindinaione. Mayi wogulitsa nawo, dzina lake Salama, anandiuza kuti Amayi Chipeta atamva belu anakuwa kuti, "Mayo, a Donald andisiya ndili pa tomato!" Anathamanga kuwoloka msewu osayang'ana, minibasi yochokera ku Kanengo n'kuwagunda.

Ife sitinadziwe. Tinamaliza kuimba nthawi ili 10:28.

Cha m'ma 11:15 kunabwera mwana wa Amayi Chipeta, Trevor, wa zaka 30, makaniki, malaya ali ndi magazi. Anafunsa Abambo Banda kuti, "Madala, mwapha ndani ndi chilimu chanucho? Bambo anga ali moyo, akumwa phala!"

Abambo Banda anayankha kuti, "Achimwene, ine ndimangomenya zomwe andiuza. Mwina ku tchalitchi simubwera, paja analengeza."

Abambo Banda sanalipo Lamulungu, ankangoganiza kuti ndinalengeza. Ndinali pa mtunda wa mapazi atatu. Sindinayankhule kanthu.

Trevor anatola hamala ija pansi n'kuwamenya nayo kamodzi paphewa lamanja. Kenako anaiponya, anakhala pansi, ndipo sanathawe mpaka apolisi atafika 12 koloko. Fupa la paphewa la Abambo Banda lathyoka. Pepala la chilengezo lija ndalipereka kwa wapolisi amene akulemba umboni uno.

Abambo Donald sanauzidwebe za akazi awo kapena kuti Trevor ali m'chitokosi. Abusa anena kuti tipita kunyumbako 2 koloko masana ano, ndipo wokawauza ndine.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Wosaina: C. Nyirongo